Mitambo Yochokera ku Dzuwa ndi M'mene Amadziwira Nthawi Yake Yofika



Masiku ambiri pa nthawi ino timakamba za mpunga, za chinangwa kapena za mwera. Lero tikamba za dzuwa. Zaka zino kumamveka mau pa wailesi ndi m'mafoni akuti dzuwa laphulika ndipo namondwe wake afika mawa. Ena akamva chomwecho amachita mantha. Ena amangoseka, makamaka tsikulo likafika popanda chooneka. Mfumu ndiyo imafunsidwa pabwalo kuti, "Kodi zimenezi nzoona?" ndipo nkwabwino kuti ikhale ndi poyankha. Tsono tiona chimene chimachoka ku dzuwa, m'mene akatswiri amawerengera nthawi yake yofika kuno, ndi chifukwa chake kuwerengako kumaphonya ndi maora angapo ngakhale owerengawo ali anthu odziwa ntchito yao.

TIYAMBE NDI NKHUNGU

Inu a kunyanja mudziwa nkhungu. Tsiku lina m'mawa mumaona chinthu chonga utsi chitaima kutali pakati pa nyanja. Mlendo amayesa kuti sitima iri kupsa, koma mwana wa konkuno adziwa kuti nkhungu zadzuka, ndipo amai amayamba kufuna madengu. Tsono mufunse munthu wamkulu kuti zifika pagombe nthawi yanji. Iye adzayang'ana nyanja, nadzamvera mphepo, nadzati, "Kapena masana, kapena madzulo, kapenanso zipita kutsidya." Sanganene ora lake. Kuona kuti zadzuka nkosabvuta. Kudziwa liwiro lake uli pagombe ndiko kubvuta, pakuti chinthu chobwera molunjika kwa iwe chimangooneka ngati chiri kukula, ndiponso mphepo ingasinthe zisanafike.

Sungani fanizo limeneli, chifukwa bvuto la akatswiri a dzuwa ndi lomwelo.

CHIMENE CHIMACHOKA KU DZUWA

Dzuwa si mwala kapena chitsulo. Ndi mpweya wotentha koposa, wounjikana ngati mpira waukulu. Mutandandalika maiko 109 onga lathuli, ndiye mungaoloke dzuwa kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Liri pa mtunda wa makilomita 150 miliyoni kuchokera kuno.

M'dzuwamo muli mphamvu ya maginito, yomwe ija imakoka singano mukaiyandikiza ku sipika ya wailesi. Popeza dzuwa limazungulira, ndipo mpweya wake umabwadamuka ngati phala pamoto, mphamvuyo imapotana monga chingwe cha khonje chimene mwachipota mopitiriza. Pamene yapotana kwambiri pamaoneka mawanga akuda. Mawangawo amachuluka nachepanso, ndipo kuchokera pa kuchepa kwina kufika pa kuchepa kotsatira zimapita zaka monga 11. Nyengo imene tirimoyi inayamba mu Disembala 2019, ndipo mu Okutobala 2024 akatswiri a ku America analengeza kuti dzuwa lafika pa nthawi ya mawanga ochuluka. Ndicho chifukwa chake nkhanizi zamveka kawirikawiri zaka zino.

Chingwe chopotana chija chikaduka pamachitika zinthu ziwiri, ndipo tisazisokoneze.

Choyamba ndi kung'anima. Kuwala kwake kumafika kuno m'mphindi 8 zokha. Pa ichi palibe angachenjeze mnzake, pakuti pamene wachiona ndi pomwe chafika. Kung'animako sikufika pansi kudzatiocha, koma kumasokoneza mpweya wa kumwamba kwenikweni, umene umabweza mau a wailesi za shortwave kuti amveke kutali. Akuluakulu ena akumbukira wailesi zija zonga sefuliya zimene zinayamba kugulitsidwa mu 1949, zomwe anthu ankamverera Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Zinali za shortwave. M'zaka za 1957 ndi 1958 dzuwa linali ndi mawanga ochuluka koposa nthawi iri yonse chiyambire kuwawerenga, ndipo pa masiku otere wailesi ya mtundu umenewo imatha kukhala chete masana mwadzidzidzi, batire iri bwinobwino, nkudzayambanso yokha patapita kanthawi.

Chachiwiri ndi mtambo. Dzuwa limaponya kunja chigawo cha mpweya wake, cholemera matani mamiliyoni zikwizikwi, chitanyamula maginito ake. Pa Chingerezi amachitcha coronal mass ejection, mwachidule CME, koma ife tingoti mtambo wa dzuwa. Umenewu suthamanga ngati kuwala. Kawirikawiri umatenga masiku awiri, atatu kapena anai kuti ufike. Ndi monga muona mphezi kutsidya kwa nyanja, mvula nidzafika pambuyo. Masiku amenewo ndiwo mpata wochenjezana, ndipo nkhani yathu yonse lero iri pa mtambo umenewu.

WOYAMBA KUONA

Pa 1 Seputembala 1859, mwezi womwe David Livingstone anafika pa nyanja yathu ino, munthu wina wa ku England dzina lake Richard Carrington anali kujambula mawanga a dzuwa. Anaona malo awiri akuwala moyera kwa mphindi zowerengeka, kenaka nkuzima. Asanakwane maora 18, dziko linagwidwa ndi namondwe wa maginito amene sanaonekenso wofanana naye kufikira lero. Usiku thambo linafiira kufikira ku Cuba, dziko lotentha ngati lathu. Nthawi imeneyo kunalibe magetsi a m'nyumba, koma kunali waya wa lamya, wonga uja unadzadutsa ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1890. Ogwira ntchito pa mawayawo ku Ulaya ndi ku America anagwidwa ndi magetsi m'manja, ndipo pena mapepala anayaka.

Pamenepo anthu anayamba kuganiza kuti chooneka pa dzuwa lero chingabweretse kanthu kuno mawa. Koma mtambo weniweniwo sanathe kuuona kufikira patapita zaka zoposa 100.

NTCHITO YOYAMBA: KUONA MTAMBO UKUNYAMUKA

Mtambo wa dzuwa ndi wosaoneka bwino, chifukwa kuwala kwa dzuwa lenilenilo kumauphimba. Ambiri mukumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001. Kuno mwezi unaphimba chigawo chachikulu cha dzuwa, koma ku Lusaka unaliphimba lonse, ndipo anthu a kumeneko anaona kuwala koyera kozungulira dzuwa kumene sikuoneka masiku ena. Mtambo umanyamukira m'kuwala kumeneko. Kadamsana sachitika tsiku ndi tsiku, choncho akatswiri anapanga makina ojambulira okhala ndi kambale kotchinga dzuwa pakati, monga munthu atchinga nyali ndi dzanja kuti aone chiri pambali pake. Ndi makina otere, oikidwa m'setilaiti kumwamba, anajambula mtambo koyamba mu Disembala 1971. Setilaiti yotchedwa SOHO, ya maiko a ku Ulaya ndi America, inaponyedwa mu Disembala 1995, ndipo yajambula mitambo zikwi zambiri.

Makinawo amajambula chithunzi, napumira pang'ono, najambulanso china. Poona mtunda umene mtambo wayenda pakati pa zithunzizo amapeza liwiro lake. Zikatero masamu ake ngonga a kusukulu: mtunda kugawa ndi liwiro. Mtambo woyenda makilomita 500 pa sekondi imodzi ungatenge maora monga 83, ndiwo masiku atatu ndi theka. Wa makilomita 1,000 pa sekondi ungatenge maora 42. Wa makilomita 2,000 ungatenge maora 21. Kuti mumvetse liwiro limeneli, nyanja yathu yonse kuchokera ku Mangochi kufika kumpoto kwenikweni ndi makilomita monga 580, ndipo mtambo wa liwiro wamba ungaidutse pa sekondi imodzi.

Apa ndi pamene fanizo la nkhungu liyamba kugwira ntchito. Mtambo wopita chammbali ngwosabvuta kuuyeza, koma umenewo sutikhudza. Umene uli kubwera kwa ife ndiwo wobvuta. Pa chithunzi umaoneka ngati nkhata yozungulira dzuwa, imene ingokulirakulira. Ndiponso mtambo wothawira kuseri kwa dzuwa umaoneka chimodzimodzi, kotero ayenera kuyang'ana pankhope pa dzuwa kuti aone ngati kuphulikako kwachitika mbali yathu.

Munthu wanzeru wa pa Benga akafuna kudziwa bwino za nkhungu angafunse mnzake amene ali ku Senga Bay kapena pa doko la Nkhotakota, chifukwa iyeyo ali kuziona chammbali. Akatswiri anachita chomwecho. Mu Okutobala 2006 anaponya masetilaiti awiri otchedwa STEREO, ina yotsogola ndi ina yotsalira m'njira imene dziko limayenda pozungulira dzuwa. Pa 23 Julayi 2012 mtambo waukulu, wa liwiro longa la uja wa 1859, unagunda imodzi ya iwo usanathe maora 19, koma dziko lathu linali kwina ndipo unatiphonya. Nkhungu zimenezo zinapita kutsidya. Setilaiti imodzi inaleka kuyankha mu 2014, ndipo yotsalayo imayendabe ulendo wake wozungulira, choncho siikhala pambali pabwino zaka zonse.

NTCHITO YACHIWIRI: KUYEREKEZA ZA PANJIRA

Makina otchinga dzuwa aja amaona mtambo pa chiyambi chokha cha ulendo. Ukapitirira pamenepo umazimiririka, ndipo gawo lalikulu la njira umayenda osaoneka bwino. Tsono njirayo si yopanda kanthu. Tsiku liri lonse kumachokera ku dzuwa kamphepo kosaleka, koyenda makilomita monga 400 pa sekondi, pena kuchepera, pena kufika 700 kapena 800. Mtambo umayenda m'kati mwa mphepo imeneyo monga bwato m'madzi oyenda. Wothamanga koposa mphepoyo umabwezedwa nuchepa liwiro. Wochedwa umakankhidwa nufulumira. Ndiponso mitambo ikanyamuka ingapo motsatana, woyamba umalambula njira, wachiwiri nuthamanga mosabvuta, ndipo nthawi zina umapeza woyambawo nkuphatikana nawo.

Akatswiri amaika zonsezi m'makompyuta akuluakulu: liwiro la mtambo, kukula kwake, kumene walunjika, ndi mphepo imene ayesa kuti iri panjira. Kompyutayo imayendetsa ulendo wonse mwa masamu nitchula ora lofika. Amabwereza kangapo, posintha manambala pang'ono uku ndi uku, kuti aone ora loyambirira ndi lotsiriza limene mtambo ungafike.

Poyerekeza zonenedwa ndi zimene zinachitikadi pa zaka zambiri, apeza kuti kawirikawiri amaphonya ndi maora monga 10 kapena 12, pena kufulumira, pena kuchedwa. Wina angati kumeneko nkulephera. Koma taganizani. Ulendo ukakhala wa maora 50, ndipo inu mwalakwa liwiro ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10, mwaphonya kale ndi maora 5, musanawerengere za mphepo ya panjira. Amene anadikirapo Ilala pa doko adziwa kuti ngakhale sitima yokhala ndi woyendetsa ndi ndondomeko yolembedwa imatha kuchedwa mwera ukauka. Nanga mtambo wopanda woyendetsa, pa ulendo wa makilomita 150 miliyoni? Nthawi zinanso mtambo umene anauyembekeza umangokhudza dziko ndi m'mphepete mwake, kapena kuphonyeratu.

NTCHITO YACHITATU: MLONDA WA PACHIPATA

Pali malo ena pakati pa ife ndi dzuwa, makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, pamene setilaiti ingakhale moyang'anana ndi dzuwa nthawi zonse. Pamenepo anaikapo alonda. Ina yotchedwa ACE inapita mu 1997, ina yotchedwa DSCOVR mu 2015. Mtambo uli wonse wobwera kwa ife umayamba wawadutsa iwo, ndipo amatumiza mau pa wailesi nthawi yomweyo.

Koma onani kuyandikira kwake. Malowo ali pa gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a ulendo wonse. Ndi monga mlendo wayenda makilomita 99, ndipo mwana amene munamuika panjira amuonera pa kilomita yotsiriza nathamanga kudzanena. Mtambo wochedwa umapereka pafupifupi ora limodzi. Wothamanga, umene ndiwo woopsa, umapereka mphindi 15 kapena 20 zokha.

Mlonda ameneyu amanenanso chinthu china chimene zithunzi sizingaonetse. Dziko lathu liri ndi maginito akeake, omwe amalozetsa singano ya kampasi kumpoto, ndipo amatizinga ngati mpanda. Mtambo nawo uli ndi maginito ake. Akakhala kuti aloza kumpoto, mtambo umapatuka monga madzi apatuka pa mwala, ndipo zochitika zimakhala zochepa. Akaloza kummwera amalumikizana ndi a dziko, chipata cha mpanda chimatseguka, ndipo mphamvu yambiri imalowa. Motero mitambo iwiri yofanana kukula ndi liwiro, wina ungapite mwakachetechete, wina nubweretsa namondwe wamkulu. Kumene maginito aloza kumadziwika bwino pokhapokha mtambo utafika pa mlonda uja.

Mwaona tsono kuti chenjezo limabwera pawiri. Loyamba limati, "Mtambo wanyamuka, ungafike Lachisanu kapena Loweruka." Limabwera msanga koma ndi loyerekeza. Lachiwiri limati, "Wafika pachipata, ndipo mphamvu yake ndi yakuti." Ndi lotsimikizika koma limabwera nthawi itatha. Akatswiri amawerenga ukulu wa namondweyo ndi masitepe asanu, kuyambira G1 wamng'ono kufika G5 wamkulu koposa.

CHIFUKWA NINJI AMADZIBVUTA CHOTERE?

Chifukwa namondwe wa maginito amalowetsa magetsi osafunika m'mawaya ataliatali, nasokoneza masetilaiti. Pa 13 Malichi 1989 magetsi a chigawo cha Quebec ku Canada anazima onse pasanathe mphindi ziwiri, ndipo anthu 6 miliyoni anakhala opanda magetsi maora 9 m'nyengo yozizira. Kale ankayesa kuti bvutoli ndi la maiko a kumpoto kwenikweni okha. Koma namondwe wa kumapeto kwa Okutobala 2003 atapita, mathiransifoma akuluakulu angapo a ku South Africa anapezeka ataonongeka, ena pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira. Thiransifoma yotere si ija ya pamtengo pa msika. Ndi yaikulu ngati nyumba, ndipo kupeza ina kumatenga miyezi yambiri. Mu Febuluwale 2022 kampani ya Starlink inaponya masetilaiti 49, ndipo 38 anagwa ndi kupsa chifukwa namondwe wamng'ono chabe anafufumitsa mpweya wa kumwamba nuwakoka.

Chitsanzo chabwino cha phindu la chenjezo ndi cha Meyi 2024. Wanga lalikulu, loposa dziko lathu nthawi 15 m'mimba mwake, linaponya mitambo ingapo motsatana. Pa 9 Meyi ofesi ya Boma la America yoona za nyengo ya m'mlengalenga inachenjeza kuti kukubwera namondwe wa G4. Anafika pa 10 Meyi, monga 7 koloko madzulo nthawi ya kuno, ndipo anakula kufika G5, woyamba wotere chichokere 2003. Onani kuti tsiku analidziwa, koma ukulu wake unapitirira chimene ananena, pa chifukwa chija cha kumene maginito aloza. Ngakhale zinali tero, tsiku limodzi la chenjezo linathandiza. A magetsi ku New Zealand anayamba achotsa mawaya ena pa ntchito kuti ateteze mathiransifoma ao. Usiku umenewo kuwala kofiira kunaoneka m'thambo ku South Africa ndi ku Namibia. Ndipo inu alimi imvani ichi: ku America inali nthawi yobzala chimanga, ndipo mathirakitala oyenda motsogozedwa ndi GPS anayamba kukhotetsa mizere, kotero alimi ambiri anaimitsa ntchito kufikira namondwe atapita.

AMENE AMALONDERA AFRICA

Ku South Africa, m'tauni ya Hermanus pafupi ndi Cape Town, kuli malo oyezera maginito a dziko. Ntchitoyi inayambira ku Cape Town mu 1932, koma sitima zapamtunda zoyendera magetsi zinkasokoneza makina, ndipo mu 1941 anasamukira ku Hermanus. Lero malowo ali m'manja mwa bungwe la Boma la South Africa lotchedwa SANSA, ndipo kuyambira mu Novembala 2022 kumakhala anthu oyang'ana dzuwa usana ndi usiku. Iwo amatumiza machenjezo kwa oyendetsa ndege, a magetsi ndi a mawailesi. Ndege zimene zimatera ku Lilongwe ndi ku Blantyre zimadalira GPS ndi wailesi monga ndege zina zonse, motero ntchito ya alonda amenewa imatifikira ngakhale sitiwaona.

NANGA IFE A PA BENGA TICHITE CHIANI?

Mafumu, nazi zoti muuze anthu anu.

Choyamba, mtambo wa dzuwa supweteka munthu, chiweto, nsomba kapena mbeu. Mpanda wa maginito ndi mpweya wotizinga zimatitchinjiriza. Mai woyembekezera, mwana ndi nkhalamba angathe kuyenda panja tsiku limenelo monga masiku onse. Wina akanena kuti anthu adzitsekere m'nyumba kapena aleke kupita kumunda, mumuuze kuti si zoona.

Chachiwiri, namondwe ameneyu satentha dziko ndipo saletsa mvula. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala nkwa chaka ndi chaka. Ng'amba ya 2024, imene inachititsa Boma kulengeza za tsoka m'maboma 23 mu Malichi chaka chimenecho, inadza ndi El Niño, ndiko kutentha kwa madzi a nyanja yaikulu ya Pacific. Namondwe wa dzuwa anafika mu Meyi, mbeu zitaonongeka kale. Za nthawi yobzala mverani a zanyengo ndi alangizi a zaulimi.

Chachitatu, sola ya padenga, batire ndi foni sizionongeka. Magetsi osafunika aja amalowa m'mawaya a makilomita mazanamazana, osati m'kawaya ka mamita asanu. Musachotse sola, ndipo musapereke ndalama kwa munthu wogulitsa kachipangizo kapena mankhwala akuti nkoteteza ku dzuwa. Mphezi ya mwezi wa Januwale ndiyo yoopsa pa sola yanu. Wailesi za FM ndi mafoni a m'manja zimagwira ntchito monga mwa masiku onse, pokhapokha magetsi a pa nsanja zao atazima.

Chachinai, chenjerani ndi GPS. Chiyambire lamulo la malo a makolo la 2016, malire a minda m'madera ena amayezedwa ndi makina odalira masetilaiti. Tsiku la namondwe wamkulu makinawo angaphonye ndi mamita angapo, ndipo mudziwa nokha kuti mizere iwiri ya chinangwa yakwanira kudanitsa abale. Mukamva kuti kuli namondwe wa G4 kapena G5, nkwanzeru kupempha oyezawo kuti adikire tsiku limodzi kapena awiri, kapena adzayezenso. Ndipo musaleke zizindikiro zakale: mtengo wa pamalire, chulu, mwala, ndi mboni zodziwa mbiri ya malowo. Chimodzimodzi inu asodzi amene mwayamba kusunga malo a usipa m'foni, phunzitsani anyamata kubwerera kugombe poyang'ana mapiri a ku Ntchisi ndi nyenyezi monga anachitira makolo.

Chachisanu, letsani ana kuyang'ana dzuwa kuti aone mawanga. Diso limapsa osamva kuwawa, ndipo nthawi zina silichira. Magalasi akuda, galasi lofukiza utsi kapena madzi a m'beseni sizitchinjiriza.

Chotsiriza ndicho chachikulu. Chenjezo likaphonya, si bodza. A zanyengo akalengeza kuti kudzakhala mwera Lachitatu, mwera nudzafika Lachinai, msodzi wanzeru sanena kuti sadzamveranso wailesi. Adziwa kuti tsiku limodzi lokhala pagombe ndi laling'ono poyerekeza ndi bwato ndi miyoyo ya anthu. A magetsi ndi oyendetsa ndege amalandira machenjezo a dzuwa ndi mtima womwewo. Amayamba kukonzeka pa chenjezo loyamba, nachita changu pa lachiwiri. Mfumu imene imvetsa ichi idzathandiza anthu ake kusiyanitsa chenjezo loona, limene limatchula tsiku, ukulu ndi amene walipereka, ndi mphekesera za m'mafoni zimene zimangoti dziko litha.

Makolo anati chakudza sichiimba ng'oma. Mtambo wa dzuwa nawo suimba ng'oma, koma tsopano pali anthu amene ntchito yao ndi kuuimbira. Akatswiri a ku Ulaya ali kukonza setilaiti ina yotchedwa Vigil, imene akufuna kuiponya mu 2031 kuti ikakhale chammbali nthawi zonse ndi kuona mitambo ikuyenda pakati pa dzuwa ndi ife, monga mnzathu uja wa ku Senga Bay. Ikadzayamba ntchito, maora ophonya aja ayenera kuchepa. Kufikira pamenepo, mukamva kuti namondwe wa dzuwa afika Lachisanu, dziwani kuti angafike Lachinai usiku kapena Loweruka m'mawa, ndipo inu pitani kumunda monga mwa masiku onse.

Amene ali ndi mafunso pa nkhaniyi awapereke kwa mlangizi wa m'dera lao kapena atilembere kalata, ndipo tidzayankha pa nthawi yonga yomweyi.